Vayirasi Yotseka Kompyuta ndi Kufuna Dipo

M'mwezi wa February 2024, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa intaneti analowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Kwa masabata angapo ziphasozi sizinkatuluka, ndipo amalonda odutsa m'malire anali ena mwa ovutika. Nkhaniyi inaonetsa kuti upandu wa mtunduwu si wa kunja kokha.

Chida chimene akathyali otere amakonda ndi vayirasi yotchedwa ransomware. Iyi ndi pulogalamu yolembedwa dala ndi munthu. Ikalowa m'kompyuta imakhoma mafayilo onse, kaya ndi kaundula wa ngongole kapena mayina a mamembala a kopaletivi, kenako imaonetsa uthenga wakuti mulipire kuti akutsegulireni.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi WannaCry, yomwe inafalikira m'maiko oposa 150 mu May 2017. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala chifukwa makompyuta anaima, ndipo akathyaliwo ankafuna madola 300 pa kompyuta iliyonse kudzera mu ndalama ya Bitcoin. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale, mu March chaka chomwecho, pulogalamu yotseka mpata umene vayirasiyo inkalowera. Ambiri mwa okhudzidwa anali oti sanaiike. Miyezi iwiri khomo lili pululu.

Apa ndi pamene ife tiyenera kudziyang'ana. Ambiri timakana uthenga wa update pofuna kusunga bandulo, ndipo n'zomveka, pakuti intaneti imadya ndalama. Koma bandulo yopulumutsidwayo ndi yochepa poyerekeza ndi kaundula wa chaka chonse. Komanso makompyuta ambiri ogulidwa pa kaunjika amabwera ndi Windows yakale kapena yokopera, imene mwina sikonzedwanso. Fulashi yomwe yazungulira m'malo osindikizira makalata imatha kubwera ndi vayirasi kunyumba, choncho iyambe yaunikidwa ndi antivirus musanaitsegule.

Foni nayonso ndi kompyuta, ndipo ndi mmene muli Airtel Money kapena Mpamba wanu. Linki yobwera pa WhatsApp yolonjeza ngongole kapena feteleza waulere, n'kukuuzani kuti muike pulogalamu inayake, musaitsegule ngakhale atatumiza ndi m'bale wanu, chifukwa naye akhoza kukhala kuti wapusitsidwa.

Kulipira dipo si chitsimikizo chakuti mafayilo abwerera. Chimene chimapulumutsa ndi kukhala ndi kope lina la mafayilo ofunika pa fulashi kapena disiki yosalumikizidwa ku kompyutayo, ndipo kwa wamalonda wamng'ono buku la pamanja likadali lothandiza.

Mukaona uthenga wofuna dipo, chotsani kompyutayo pa intaneti msanga kuti vayirasi isafalikire ku zinzake, ndipo kanenani ku polisi kapena ku bungwe la MACRA. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kufalitsa vayirasi mwadala ndi mlandu.