Kumata Getsi la pa Dashibodi Si Kukonza Galimoto

Pa holide yapitayi ndinali kwathu ku Tukombo, ndipo masiku ambiri ndimaperekeza amalume pa pikiapu yawo. Ntchito yake ndi yonyamula usipa wouma kupita nawo ku Mzuzu, pobwera n'kutenga simenti, malata ndi katundu wa m'magolosale. Fizi yanga imachokera pa galimoto imeneyi, kotero ikadwala nanenso tulo sindigona.

Tsiku lina kukuda, titangopitirira Kande pa msewu wa M5, tayala lakumanzere linagwera m'dzenje. Kuyambira pomwepo galimoto inayamba kukokera mbali imodzi, chiwongolero chinapendekeka ngakhale tikuyenda molunjika, ndipo pa dashibodi panayaka getsi lachikasu la kagalimoto kotsetsereka. Makaniko woyamba anachotsa chiwongolero n'kuchibwezera chitawongoka. Za getsilo anati timatepo tepi yakuda. "Mphwanga, injini ikulira bwino, tiyeni," anatero amalume. Patatha milungu yochepa, tayala lakutsogolo linali litadyeka mkati mpaka mawaya kuonekera.

Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chomata magetsi a pa dashibodi chikutidyera ndalama zambiri kuposa zomwe timaganiza kuti tikupulumutsa, ndipo tsiku lina chidzatidyera moyo.

Galimoto ikamakokera mbali, kufufuza kuli ndi ndondomeko yake. Choyamba ndi mpweya wa m'matayala, chifukwa tayala limodzi likachepa mpweya limakoka galimoto yonse. Chachiwiri ndi kuikweza pa jeke n'kugwedeza tayala ndi manja. Likamasewera, ndiye kuti tie rod end, ball joint, bering'i kapena mabushi atha, ndipo kupanga alaimenti zinthu zimenezi zisanasinthidwe n'kutaya ndalama. Chachitatu ndiye alaimenti yeniyeni, kuonetsetsa kuti matayala akutsogolo sakuloza mkati kapena kunja mopitirira muyezo wake. Pamenepa chiwongolero amachiimika pakati, n'kumasinthira pa ma tie rod a mbali zonse ziwiri. Kwa ife, tie rod yakumanzere inali itapindika, choncho kuzula chiwongolero kunangobisa matenda.

Chomaliza ndi sensa. Mapikiapu ambiri a masiku ano ali ndi kachipangizo kuseri kwa chiwongolero komwe kamauza kompyuta ya galimoto kuti dalaivala wakhotetsa motani. Kompyutayo imayerekeza uthengawu ndi liwiro la tayala lililonse komanso mmene galimoto ikutembenukira. Ikaona kuti galimoto yayamba kutsetsereka, imagwira buleki ya tayala limodzi kuti iwongole. Koma sensa ikamanena kuti mukukhota pamene galimoto ikupita molunjika, kompyuta imasokonezeka, imayatsa getsi lija, ndipo kawirikawiri imazimitsa chitetezo chonsecho. Alaimenti ikatha, pa magalimoto ambiri sensayi imafunika kuiuzanso pomwe pali pakati, pogwiritsa ntchito makina omwe amalumikiza pa soketi ya pansi pa dashibodi.

Ena anena kuti ndikuyankhula ngati mwana wa sukulu yemwe sanagulepo ngakhale nati imodzi. Mfundo yawo ndi yomveka. Kuchoka ku Tukombo kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100, mafuta ndi odula, ndipo chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeyala aliyense anakwera mtengo. Munthu amene akudikira ndalama ya usipa sangasiye ulendo chifukwa cha kagetsi. Komatu kukwera mitengo komweko n'komwe kukupangitsa kuti tayala lotha msanga likhale chilango chachikulu. Amalume anagula matayala awiri atsopano, ndalama yoposa yomwe akanalipira pokonza tie rod ndi sensa pa tsiku loyamba. Komanso pikiapu ya kumudzi sinyamula nsomba zokha. Imanyamula odwala kupita ku chipatala cha Chintheche, imanyamula anamfedwa, imanyamula ana a sukulu. Pa mapiri a pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu, mvula ikugwa, anthu onsewa amadalira chiwongolero chimodzi.

Sindikunyoza amakaniko a pansi pa mtengo wa mango. Amene anapeza tie rod yopindika ija anali mmodzi wa iwo, ndipo anawongola matayala ndi chingwe ndi tepi yoyezera, mwaluso lomwe ine wa ku yunivesite ndilibe. Chomwe analibe ndi makina owerengera kompyuta, n'chifukwa chake tinakathera ku galaja ya ku Mzuzu. Apa m'pomwe ndikuona kuti TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja angathandize, pokonza maphunziro afupiafupi a zamagetsi a galimoto n'kuwafikitsa kwa amakaniko omwe ali kale pa ntchito ku Chintheche, Kande ndi Tukombo. Amakaniko angapo atha kusonkherana n'kugula makina amodzi, monga mmene asodzi amagwirizanirana pa bwato ndi chilimira.

Tepi yakuda ija ndinaimatula ndekha titatuluka mu galaja. Amalume analiza galimoto, getsi linayaka kamphindi n'kuzima lokha, ndipo anayendetsa mpaka ku Mpamba osalimbana ndi chiwongolero.