Nkhani Yagona Pa Mapiko

Anthu ambiri akamva za makina opanga magetsi ndi mphepo amaganiza za aja a mapiko atatu okhala pamwamba pa nsanja. Koma ulipo mtundu wina umene mapiko ache amazungulira mzati woimirira, monga uzungulira mpukuso m'manja mwa mai wophika. Mfalansa wina, Georges Darrieus, analembetsa nzeru imeneyi ku America m'chaka cha 1931. Ubwino wache ngwakuti makinawo salira kutembenuzidwa mphepo ikasintha kochokera, ndiponso jenereta imakhala pansi pamene amisiri angathe kuifika popanda kukwera.

Nanga nchifukwa ninji makina otere sanafale? M'zaka za m'ma 1980 kampani ya FloWind inaimika mazana a makinawa ku California, ndipo mapiko ache anali a aluminiyamu. Patapita nyengo mapikowo anayamba kung'aluka molumikizira, ndipo m'chaka cha 1997 kampaniyo inagwa. Bvuto lache nlosabvuta kulimvetsa. Pa kuzungulira kamodzi phiko limakankhidwa ndi mphepo kawiri, poyamba kuloza mkati, pambuyo pache kuloza kunja. Ali yense adziwa kuti waya ukapindidwa uku ndi uku kawirikawiri umathyoka, aluminiyamu amateronso.

Ife tikuona kuti mlandu waukulu unali wa mapiko, osati wa nzeru ya Darrieus. Masiku ano mapiko amaumbidwa ndi ulusi wa galasi wophatikiza ndi utomoni wa m'fakitale, monga apangira maboti ena a panyanja, ndipo zoumba zotere zimapirira kupindikapindika kuposa aluminiyamu. Njira ina ndiyo kukoka ulusi kupyola mu utomoni ndi kuulowetsa m'chikombole chamoto, kumene umatuluka uli thabwa lalitali loti nkungodula. Njirayi iyenera mapiko owongoka, pakuti maonekedwe ao ndi amodzi kuyambira kumutu kufikira kumapeto. Njira inanso ndiyo kuyala nsalu za ulusiwo m'chikombole, kuziphimba ndi pulasitiki, ndi kupopa mpweya wonse kuti utomoni ulowe pali ponse.

Komatu pamenepa mpofunika kuchenjera. Nsalu ikachita khwinya, kapena thovu la mpweya likatsalira mkati, kapena utomoni ukaphonya malo ena, phiko limatuluka losalala ndi lonyezimira, pamene mng'alu udzayambira pomwepo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nchifukwa chache opanga okhulupirika amamangirira phiko pa makina oligwedeza nthawi mamiliyoni asanabvomereze kuti mtundu umenewo ugulitsidwe. Tisaiwalenso kuti utomoniwu ukauma susungunukanso, kotero kuti mapiko okalamba ambiri angokwiriridwa m'maenje.

Sitikunena kuti makina oimirirawa adzalanda malo a aja a pansanja, amene ndiwo apereka pafupifupi magetsi onse a mphepo pa dziko lapansi. Tikunena kuti apatsidwe mpata wachiwiri, koma mpatawo ukhale wa opanga okhawo amene angaonetse umboni wa mayeso ao. Ngati mapiko a ulusi athyoka monga anathyokera a aluminiyamu, osunga chuma sadzaponyanso ndalama zao pamenepo. Chotero munthu wofuna kugula makina otere asatengeke ndi kukongola kwache. Ayambe wafunsa kuti phikolo linaumbidwa bwanji, ndipo linayesedwa nthawi zingati.