Mbira zituluke m'khitchini, ndipo inu a ku Joni musatitengere timakoswe ta m'shopu

Abale anga akumudzi kuno ndi inu a m'tauni, nkhani ya lero ndi ya tinyama timene azungu amaweta m'nyumba ngati ana. Muwerenge mpaka pansi chifukwa ikutikhudzanso ife oweta mbira.

Kanungu mukumudziwa eti? Kaja kaminga kamene kamadzipinda ngati mpira ukakakhudza. Ku America anatenga mtundu wake wa ku Africa kuno n'kumaugulitsa m'mashopu. Amakagoneka pabedi, ena mpaka kukapsompsona. Ndiye m'chaka cha 2018 kufika 2019 anthu 54 m'zigawo 23 za dzikolo anadwala matenda otsegula m'mimba, 8 anagonekedwa m'chipatala. Bungwe lawo la zaumoyo la CDC litafufuza linapeza kuti ndi kachirombo ka bakiteriya kotchedwa Salmonella, kochokera kwa akanungu omwewo. Mpaka boma kuchita kulengeza kuti anthu asiye kupsompsona kanungu. Aaa, dziko ili!

Musaseke kwambiri. Choopsa n'chakuti nyamayo siyioneka yodwala. Imadya bwino, maso ali gwa, ubweya uli see. Kachiromboko kamakhala m'matumbo mwake, kamatuluka ndi zitosi, zitosizo zimamatirira ku ubweya, ku mapazi ndi ku udzu wogonapo. Mwana wagwira, kenako wagwira mbatata, basi kalowa. Pakatha maola 6 kapena masiku angapo mwana wayamba kutsegula, thupi kutentha, m'mimba kupota. Munthu wamkulu wathanzi amatha kuchira pasanathe sabata, koma mwana wosakwana zaka 5, agogo, ndi amene thupi lawo ndi lofooka kale, madzi akawathera m'thupi nkhani imakhala ina.

Tsopano tibwere pakhomo. Mbira zathuzi si za makolo athu ayi. Kwawo ndi ku South America, kumapiri a dziko la Peru ndi oyandikana nawo. Nazonso zimanyamula Salmonella yomweyo, ku America komweko zinadwalitsapo anthu. Nanga ife timazisunga kuti? M'khitchini. Pafupi ndi mafuwa, pansi pa thandala la mbale, pomwe mayi atsika mphika wa ndiwo ndi pomwe mbira yangodutsa kumene. Mwana wokwawa akutola chilichonse pansi pomwepo. Akatsegula m'mimba timati ndi mano akumera, kapena tiyamba kuyang'ana anansi ndi diso loipa.

Ine sindikuti tisiye mbira. Ndiwo yake ndi yabwino, zimaswana msanga, sizifuna chimanga, ndipo manyowa ake kudimba amagwira ntchito. Koma khola likhale panja, lokwera, la nsungwi ngati la akalulu. Zitosi zipite kudzenje la manyowa zikaole kaye, osati kuthira zaziwisi pa mpiru woti mawa tithyola. Mpondagiya akhale pafupi ndi khola, ndi sopo, akasowa sopo phulusa liliko. Nyama yake ipse mpaka mkati, ndipo mpeni wotumbulira usapite ku tomato usanatsukidwe. Mwana akayamba kutsegula, Thanzi ORS msanga ndi kuthamangira kuchipatala, ndipo muwauze adokotala kuti pakhomo pali ziweto zanji.

Inu achimwene ndi achemwali a ku Joni, December ikubwera. Ndikudziwa m'mashopu kumeneko muli timakoswe tokongola totchedwa hamster, ndipo ana amatikonda. Chonde musatiike m'katoni n'kukwera nato basi ngati mphatso ya adzukulu. Nyama yamoyo kuti idutse pachipata cha dziko imafunika chilolezo ndi kalata ya a vetenale, ndipo lamulo limenelo silongovutitsa anthu. Simukudziwa kamene kanabadwira, kanagona ndi nyama zanji m'shopumo, kanyamula chiyani m'mimba. Mukafika kuno kakasakanikirana ndi mbira zathu, inu pa 3 January mwabwerera, otsala ndi ana odwala ndife, chipatala chili kutali ndipo ya kabaza palibe.

Ngati ndalama yatsala, tigulireni waya wa khola ndi misomali.