ZA MAKINA A MAKONO: Kuthamanga Sikufika

Owerenga athu, sabata ino tikambe za kanthu kakang'ono kamene kali m'kati mwa foni ndi kompyuta iri yonse. Dzina lake ndi purosesa, ndipo nchito yake ndiyo kuwerenga ndi kucita malamulo amene makina apatsidwa. Malamulowo akalembedwa motsatana, ndiwo pulogalamu.

Vuto ndi lakuti mapurosesa onse samva cinenero cimodzi. Pulogalamu yokonzedwera mtundu umodzi ikana kugwira nchito pa mtundu wina, monga sitima ya TAZARA yocokera ku Kapiri Mposhi singathe kuyenda pa njanji yakale yodutsa pakati pa Tanzania, pakuti njanjizo zisiyana m'lifupi: ina mamilimita 1,067, inzake 1,000.

Mitundu iwiri ndiyo yalimbana kwa zaka zambiri. Woyamba ndi x86, umene kampani ya Intel ya ku America inauyamba mu 1978. Pamene kampani ya IBM inauika m'kompyuta yake mu 1981, mapulogalamu ambirimbiri a m'maofesi analembedwera mtundu umenewu. Waciwiri ndi ARM, umene Sophie Wilson ndi Steve Furber a kampani ya Acorn anaukonza ku Cambridge, ku England, mu 1985. Mtundu uwu sudya magetsi ambiri, motero ndiwo uli m'mafoni a intaneti pafupifupi onse, ngakhale iyo imene muichaja ndi sola kumudzi.

Kodi pa mpikisano wotere apambana ndani? Ambiri ayesa kuti ndi waliwiro, koma akulu anati kuthamanga sikufika. Mu 2001 a Intel anaturutsa purosesa yatsopano, Itanium, ya cinenero cakecake. Mapulogalamu akale anayenda pa iyo mwaulesi, ndipo ogula sanafune kutaya zimene analipira kale. Mu 2003 kampani ina, AMD, inangokuza cinenero cakale ca x86 kuti zakale ndi zatsopano ziyendere pamodzi. Anthu anakonda njira imeneyi, a Intel omwe anaitsata, ndipo mu 2021 analeka kugulitsa Itanium.

A Microsoft nawo anapsa cala. Mu 2012 anagulitsa kompyuta ya m'manja, Surface RT, ya purosesa ya ARM, imene inakana mapulogalamu a Windows amene anthu anazolowera. Katundu anatsalira m'masitolo, ndipo mu 2013 kampaniyo inalengeza kuti yataya madola pafupifupi 900 miliyoni.

A Apple anacenjera. Iwo asintha mtundu wa purosesa m'makompyuta ao katatu: mu 1994, mu 2006 ndi mu 2020, pamene anasamukira ku ARM. Pa maulendo awiri otsirizawo anaikamo pulogalamu ya dzina lakuti Rosetta, yocita monga womasulira m'khoti: imva cinenero cakale ndi kuuza purosesa m'cinenero catsopano. Womasulira acedwetsa mlandu pang'ono, koma mlandu uweruzidwa ndithu. Motero ogula anasamuka osasiya katundu wao m'mbuyo.

Njira ina ndi yakale koposa. Mu 1973 Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs analembanso pulogalamu yao yaikuru, Unix, m'cinenero ca C, cimene makina angacitembenuzire ku purosesa ya mtundu uli wonse. Wolemba alemba kamodzi, kutembenuza ndiko kucitika kambiri.

Nanga inu a kumudzi, mutolapo ciani? Makina alibe phindu ngati akana pulogalamu imene muifuna. Mukamagula foni yogwirapo kale nchito, kapena pamene komiti ya sukulu kaya ya kopaletivu isonkha ndalama za kompyuta, musakopeke ndi wogulitsa wotama liwiro lokha. Muuzeni atsegule pamaso panu pulogalamu imene mudzaigwiritsa nchito, ndalama zikali m'thumba. Kumbukiraninso kuti kutumiza ndalama ndi manambala a nyenyezi kutheka pa foni iri yonse, ngakhale ya mabatani, cifukwa pulogalamu yeniyeni iri pa makompyuta a kampani, osati m'foni mwanu. Cimene ciyenda pa makina onse ndico cithandiza anthu ambiri.

Tidzakumananso sabata ya mawa.