Vinyo wokhalitsa pashelefu akudya mpamba wa ogulitsa

M'magolosale ndi m'mabala ambiri a ku Area 36, kuyambira ku Kaphiri mpaka ku Phwetekere, vinyo salinso chakumwa chachilendo. Mabotolo a Four Cousins, 4th Street ndi Robertson komanso makatoni a Namaqua, Overmeer ndi Drostdy-Hof amapezeka pambali pa jini ndi burande, makamaka nyengo ya maukwati ndi ya Khirisimasi ikamayandikira. Chodandaulitsa n'choti ogulitsa ambiri amamuika pashelefu ya pamwamba penipeni, pafupi ndi malata, ndipo akapanda kugulidwa sada nkhawa. Amadzitonthoza ndi mawu ofala aja akuti vinyo amakoma akakhalitsa. Ena amafika pokweza mtengo wa botolo la fumbi, ati lakhwima.

Mawu amenewa ndi oona pa vinyo wochepa kwambiri padziko lapansi, ndipo pafupifupi vinyo yense wogulitsidwa m'madera ngati Area 36, Kawale ndi Biwi sali m'gulu limenelo. Wamalonda wofuna kuteteza mpamba wake ayenera kuona vinyo ngati katundu wotha kuonongeka, woti alowe n'kutuluka msanga, ndipo ayenera kuphunzira kumulawa kuti adziwe chimene akugulitsa.

Chimene chimasocheretsa ogulitsa ndi jini. Mowa wotcheza ngati jini, burande ndi kachasu ndi waukali, wa m'mabotolo nthawi zambiri umakhala pafupifupi 40 pa 100 iliyonse, choncho botolo losatsegula limatha zaka osasintha. Masese ndi thobwa zimasasa pamasiku ochepa, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Vinyo ali pakati pa ziwirizi. Ukali wake umakhala pakati pa 8 ndi 15 pa 100 iliyonse, ndipo amapitiriza kusintha ali m'botolo momwemo. Akasungidwa bwino kusinthako kumachedwa, akakhala potentha kumafulumira.

Kuti vinyo athe zaka zambiri akukomerakomera, pamafunika zinthu zomuteteza. Choyamba ndi chimene opanga vinyo amati tannin, chochokera ku makoko ndi njere za mphesa. Amene adalumako suku losapsa kapena kumwa tiyi wakuda wokhalitsa mu ketulo amachidziwa, chifukwa chimaumitsa m'kamwa n'kukhakhalitsa lilime. Chimapezeka kwambiri mu vinyo wofiira wa mphesa monga Cabernet Sauvignon, Shiraz ndi Pinotage, mtundu umene adaupanga Abraham Perold ku Stellenbosch m'chaka cha 1925. Chachiwiri ndi kuwawasa kokhala ngati kwa ndimu, kumene kumasunga vinyo woyera wabwino wa mphesa za Chenin Blanc ndi Riesling. Chachitatu ndi shuga wochuluka zedi kapena mowa waukali wothiramo, monga zimakhalira ndi vinyo wa port. Pamwamba pa zonsezi pamafunika kukoma kwa chipatso kochuluka, koti kusazilale zaka zikamadutsa.

Vinyo wotsekemera wa mtengo wotsika, amene ndiye amayenda malonda m'mabala, adamupanga mwadala kuti akhale wofewa, wosaumitsa m'kamwa, womveka chipatso chatsopano. Ambiri mwa mabotolo oterewa salembedwa n'komwe chaka chokolola mphesa. Chimenechi si chilema. Opangawo amafuna kuti amwedwe pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kupyola apo kukoma kumayamba kutha.

Ulendo wobwera kuno nawo umamufupikitsira moyo. Vinyo wambiri wa m'dziko muno amachokera ku Western Cape m'dziko la South Africa, ndipo mathiraki ambiri amadzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete asanalowe pa Mwanza kapena pa Dedza. Ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November, ndipo thiraki imatha kuima masiku pachipata. Vinyo amasungika bwino pa madigiri 12 mpaka 15. Ku Lilongwe, mu October, panja pamafika madigiri 30, ndipo pansi pa malata opanda siling'i pamatentha koposa. Botolo limene lakhala pashelefu ya pamwamba kuyambira Khirisimasi yatha limakhala litaphikidwa pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu.

N'chifukwa chake kuyesa vinyo kumayambira kooda, botolo lisanatsegulidwe. Chaka cholembedwa pabotolo ndi chaka chimene mphesa zidakololedwa, ndipo ku South Africa amakolola kuyambira January mpaka April. Vinyo woyera ndi wa pinki wa mtengo wotsika akapitirira zaka ziwiri, wamalonda asamuode, ngakhale amutsitsire mtengo. Wofiira wamba amatha kupirira zaka zitatu. Mabotolo ena a ku South Africa amakhala ndi kachidindo pakhosi, pansi pa ndondomeko ya Wine of Origin imene idayamba mu 1973, kotsimikizira kuti dera, mtundu wa mphesa ndi chaka zolembedwa pabotolo n'zoona. Pamakatoni pamakhala tsiku lopakira kapena tsiku lothera ntchito. Thumba la m'katoni limalowetsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale lisanatsegulidwe, choncho katoni yopitirira chaka ndi yokayikitsa. Chotsekera cha cork chikatukumuka, pakhosi pakamamata, kapena vinyo akatsika kufika pamapewa a botolo, ndiye kuti botololo lidakhala potentha.

Kulawa kwenikweni sikufuna sukulu. Pamafunika tambula yoonekera mkati, yotsukidwa bwino yopanda fungo la sopo, pepala loyera ndi kuwala kwa masana. Ndi bwino kulawa munthu asanasute fodya, asanadye tsabola ndiponso asanamwe mowa wina.

Poyamba ndi maso. Wolawa athire pang'ono, apendeketse tambula pamwamba pa pepala n'kuyang'ana m'mphepete. Vinyo woyera watsopano amaoneka ngati udzu wouma kapena wobiriwira pang'ono, ndipo akamakalamba amadera, kuchoka ku mtundu wa uchi mpaka wa tiyi. Wofiira watsopano amakhala wofiira moderako ngati jambula wakupsa, ndipo akamakalamba amazilala n'kufanana ndi njerwa yootcha. Wa pinki akasanduka ngati khoko la lalanje, nthawi yake yapita. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pepala lokongola la pabotolo silinena kanthu za zonsezi, ndipo mabotolo obiriwira amabisa mtundu weniweni mpaka vinyo atathiridwa.

Kenako ndi mphuno. Wolawa azungulitse vinyo m'tambula kangapo n'kununkhiza. Woyera wabwino amamveka ndimu, gwafa, chinanazi kapena apozi. Wofiira amamveka mabulosi, mapulamu, nthawi zina tsabola wakuda kapena utsi. Fungo la viniga kapena la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo limasonyeza kuti wasasa. Fungo la katoni yonyowa kapena la chipinda cha nkhungu limachokera ku cork yoonongeka. Fungo la apozi wodulidwa dzulo limatanthauza kuti mpweya udalowa, ndipo fungo la jamu wopserera ndi la vinyo wophikidwa ndi kutentha.

Pomaliza ndi pakamwa. Wolawa amwe pang'ono, ayendetse m'kamwa monse, alavule, kenako awerenge masekondi amene kukoma kwatsalira. Kuwawasa kwabwino kumabweretsa malovu. Tannin imaumitsa nkhama. Vinyo amene kukoma kwake kwatha pamasekondi atatu kapena anayi ndi womwa chaka chomwecho. Amene ali ndi chipatso chochuluka, kuwawasa komveka, woumitsa m'kamwa, ndipo kukoma kwake kukutsalira masekondi 15 kapena kuposa, ndiye angathe kusungika zaka zisanu ndi kupitirira, bola akhale pozizira. Amene alibe fungo loipa koma akungomveka ngati madzi a shuga ndi wotopa, ndipo mawa sadzakoma kuposa lero.

Ogulitsa ena amati kutsegula botolo lolawa n'kutaya ndalama. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu a mamililita 150. Mwini bala akalawa theka la tambula, zotsalazo angathe kugulitsa patambula m'masiku atatu, bola botolo likhale lotseka ndiponso mu fuliji. Mwini golosale amene sagulitsa patambula angagwirizane ndi anzake awiri kapena atatu ooda malo amodzi, n'kusonkherana botolo limodzi pa mtundu uliwonse watsopano. Mtengo wa botolo limodzi ndi wochepa pouyerekeza ndi makatoni khumi okanidwa pachinkhoswe. M'dera ngati Area 36 anthu amadziwana, ndipo komiti ya ukwati imene yagulitsidwa vinyo wosasa imauza makomiti ena onse a pampingo.

Ena ali ndi mfundo yolemera kuposa imeneyi. Amati kwacha ikugwa, ndiye kuli bwino kusunga ndalama mu katundu. Sakunama. Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, n'kuitsitsanso ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, ndipo amene adali ndi katundu wochokera kunja m'sitolo adapindula. Koma nzeru imeneyi imagwira pa katundu wosasintha monga jini, sopo ndi malata. Vinyo wotsekemera wosungidwa miyezi 18 m'chipinda chotentha angakwere mtengo papepala, koma kasitomala akamubweza, wamalonda amataya mpamba ndi phindu lomwe. Wofuna kubisa ndalama mu zakumwa asankhe mowa wotcheza, ndipo vinyo aziooda wokwanira miyezi iwiri kapena itatu yokha.

Masamu a makatoni nawo amafuna kusamala. Katoni ya malita asanu imatulutsa matambula 33. Ikatsegulidwa imakhala bwino milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi ngati ili pozizira. Bala yogulitsa matambula atatu patsiku imaimaliza m'masiku 11, ndipo apo palibe vuto. Bala yogulitsa matambula atatu pamlungu imafuna milungu 11, kutanthauza kuti pafupifupi theka la katoni lidzagulitsidwa litatopa. Bala yotereyi ingachite bwino kuoda katoni yaing'ono kapena mabotolo, ngakhale mtengo wa lita ukhale wokwererapo.

Kusunga bwino sikulira magetsi, chimene chili chabwino poona kuthimathima kwake. Malo ozizira kwambiri m'sitolo ndi pansi pa simenti, kukhoma losaombedwa ndi dzuwa la masana, kutali ndi kumbuyo kwa fuliji ndi mbaula. Mabotolo akhale m'katoni yake kuti asaone kuwala, popeza dzuwa limaononga msanga vinyo wa m'mabotolo oyera. A cork agonekedwe kuti chotsekera chisaume, pamene a chivindikiro chopotokola angathe kuima. Pashelefu pangokhala botolo limodzi loonetsa, kapena lopanda kanthu lomwe. Katoni iliyonse ilembedwe tsiku loodera, ndipo yoyamba kulowa ikhale yoyamba kutuluka. Pomupereka kwa kasitomala, woyera ndi wa pinki akhale wozizira, ndipo mu October wofiira naye amakoma akakhala mu fuliji mphindi 20.

Vinyo wopangidwa konkuno ali ndi mwayi wake. Kampani ya Linga ya mu Lilongwe momwemuno imapanga vinyo wa zipatso monga jambula, magwafa, mapulamu, mabulosi ndi chidede, ndipo ku Karonga magulu a amayi amapanga vinyo wa nthochi. Botolo lotere silidutsa ku Tete ndipo wamalonda angaode pang'onopang'ono osadikira thiraki ya kunja. Komabe nalo limaopa kutentha ndi dzuwa, ndipo liyenera kulawidwa chimodzimodzi. Pa vinyo aliyense wa m'dziko muno, wamalonda aone chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards asanaike pashelefu. Wobwera m'zigubu zopanda dzina la wopanga ndi wosayenera kumugwira n'komwe, chifukwa palibe angatsimikize zimene zathiridwamo.

Palinso lamulo. Malawi Bureau of Standards ndi Competition and Fair Trading Commission amayendera masitolo ndi kulanda katundu wopitirira tsiku lake, ndipo kugulitsa mowa uliwonse kumafuna laisensi ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Kufufuta tsiku pakatoni kapena kunamiza kasitomala kuti botolo lotopa ndi lokhwima kungaike wamalonda m'mavuto oposa mtengo wa vinyoyo.

Nyengo ya zikondwerero isanafike, mwini sitolo aliyense atsitse mabotolo a pashelefu ya pamwamba, awerenge zaka ndi masiku, n'kutsegula limodzi mwa akale kwambiri. Ngati likadali bwino, anzake agulitsidwe msanga pamtengo wotsikirapo, ndalama ibwerere mu mpamba. Ngati lasanduka mtundu wa tiyi ndipo likununkha viniga, atsanulidwe, ndipo oda yotsatira ikhale yaing'ono.