Mfuti ili ndi chilolezo, nanga wapolisi amayankha kwa yani?

Mukakwera chapa kuchokera ku Moatize kupita ku Zóbuè, pamsewu wa EN7, mumakumana ndi apolisi. Ena amaona zikalata za galimoto, ena amalondera malire athu ndi Malawi. Ambiri amanyamula mfuti. Funso lathu lero ndi ili: munthu amene boma lampatsa mfuti, amamuyang'anira ndani?

Tiyambe ndi mfuti ya munthu wamba. Umbava ukachuluka, ena amalakalaka atakhala ndi mfuti m'thumba. Ku America, m'madera ambiri, munthu amaloledwa kuyenda ndi mfuti yobisa m'zovala. Kuno kwathu si choncho. Lamulo la mfuti ndi zipolopolo, Decreto 8/2007, limafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo cha boma, ndipo mfutiyo ilembedwe m'kaundula wa apolisi. Kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu.

Lamuloli silidabwere chabe. Nkhondo itatha pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri zidatsala m'midzi ndi m'tchire. Mu 1995 bungwe la mipingo, Conselho Cristão de Moçambique, lidayamba kulandira mfuti n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera. Bishopu Dinis Sengulane ndiye adatsogolera ntchitoyi.

Inu a ku Zóbuè mukudziwa kuwawa kwa mfuti. Mu 2015 ndi 2016, asilikali a boma atalimbana ndi a Renamo cha ku Nkondezi, anthu oposa 10,000 adathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Ambiri adanena kuti asilikali a boma adawatenthera nyumba. Boma lidakana. Kumbukiraninso Januwale 2012, pamene mabanja amene adasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha adatseka njanji, apolisi a FIR n'kuwabalalitsa mwamphamvu. Pa nkhani ngati izi, anthu amafuna wina wapadera woti afufuze n'kunena zoona.

Apa ndi pamene pali vuto. Apolisi athu, PRM, adakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Malamulo aakulu a dziko amati apolisi alibe chipani, ndipo azitumikira aliyense mosakondera. Koma wapolisi akalakwa, nthawi zambiri dandaulo limayamba kupita kwa akuluakulu ake omwe. Tsidya la malire, ku Malawi, lamulo la apolisi la 2010 lidalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale lidayamba ntchito patapita zaka pafupifupi 10. Kuno bungwe lotere, loyang'ana apolisi okha, kulibe.

Komabe makomo oti mugogode alipo. Loyamba ndi Procuradoria, ofesi ya oimira boma pamilandu. Imalandira madandaulo ndipo ili ndi mphamvu yoona ngati munthu watsekeredwa motsata lamulo. Munthu akamangidwa, ayenera kuonekera pamaso pa woweruza asanathe maola 48. Lachiwiri ndi IPAJ, imene imapereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa osowa ndalama. Palinso Provedor de Justiça, amene amamva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, ndi bungwe la ufulu wa anthu, Comissão Nacional dos Direitos Humanos.

Khomo lapafupi kwambiri lili m'dera lanu momwemo. Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, m'mabairro ndi m'midzi mudayamba kukhazikitsidwa magulu a chitetezo cha m'mudzi. Anthu ake ndi anzanu odzipereka, si apolisi. Ntchito yawo ndi kulondera, kuchenjeza ndi kulumikiza anthu ndi apolisi. Alibe mphamvu yomenya munthu kapena kumulipiritsa. Gulu lotere likangokhala maso a apolisi pa anthu, latha theka la ntchito yake. Liyeneranso kukhala maso a anthu pa apolisi. Mfumu kapena mlembi wa bairro akaitana msonkhano, pitani, mufunse: milandu imene tidakanena idafika pati? Ndani adasankha anthu a gululi?

Ndipo inu amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba muli ndi chida chimene kale mudalibe. Wina akakupemphani "refresco" pamsewu, dziwani kuti ndi chiphuphu. Chindapusa chenicheni chimakhala ndi pepala lake. Lembani tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto ndi dzina ngati mwaliona. Dandaulo la pakamwa limaiwalika, koma lolembedwa limatsala pa tebulo.

Apolisi ambiri amagwira ntchito yovuta, ndipo tonse timawafuna usiku mbava zikabwera. Kuwafunsa mafunso si kudana nawo. Wapolisi amene anthu amamukhulupirira amauzidwa msanga kumene kwabisika mfuti. Sabata ino m'kalasi, yesani kulemba kalata ya dandaulo ya mizere isanu, muwerengerane.