Abwana, kumbukirani wodwazika matenda

M'zipatala zathu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wodwala amasambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi m'bale wake. Nthawi zina m'baleyo alinso pa ntchito: usiku achezera m'wodi, m'mawa alawirira ku ofesi.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka tchuthi kwa wantchito akadwala iye mwini, osati akamadwazika mayi ake. Chotsalacho chili m'manja mwanu, abwana. Mumvetsereni mwachinsinsi, mumusinthire maola, mumulole kusinthana ndi mnzake, ndipo musamudule malipiro chifukwa cha tsiku limene anali kuchipatala.

Pa Luka 10:35, Msamariya wachifundo anasiyira ndalama wosamalira wovulala uja. Wochirikiza wodwazika matenda, wazondanso wodwalayo.